Mchere wa ku Limbe

Ndinaganiza zochoka tsiku limene anagwira anthu pa baraka pathu, makapu a tiyi ali m'manja. Lole ya asilikali inaima pamsewu wa ku Ntengo-wa-Mbalame, atatu anatsika n'kuyamba kuloza amuna amene anakhala pamabenchi: iwe, iwe, ndi iwe. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinali kuseri ndikusenda kachewere, ndipo mkazi wanga Rozina anandiponyera chitenje kumutu n'kundikhazika pakati pa madengu ngati nkhalamba yodwala. Masabata angapo m'mbuyomo, asilikali a m'tchire nawo anali atatenga anyamata kwathu ku Chidzolomondo. Masiku amenewo mwamuna wa miyendo iwiri yabwino anali ndiwo yosowa, uyu akuifuna, uyo akuifuna.

Lole itapita, Rozina anandivula chitenje chija n'kunena mosazungulira.

"Bambo a Tereza, pitani ku Malawi."

"Tipite tonse."

"Amayi ndiwasiyire yani? Munda ndiusiyire yani? Inu ndinu mkamwini, mukachoka palibe chimene chigwe. Ine ndikachoka, mudzi wachoka."

Ankanena zoona, koma zoona zina zimabaya. Ndinamanga baraka ija ndi manja angawa, ndinadula ndekha mgolo umene tinkakazingiramo kachewere, lero ndikuuzidwa kuti ndikachoka palibe chigwe. Mwana wathu Tereza anali kumbuyo kwa mayi ake, asanayambe n'kukwawa komwe.

Baraka yathu inali ya udzu, mabenchi awiri, ndi tebulo la chitseko chakale. Tinkagulitsa tiyi, kachewere wokazinga ndi nyemba. Shuga atasowa tinkafinyira madzi a nzimbe m'tiyimo, ndipo anthu ankamwabe. Ankadyapo aphunzitsi, madalaivala, ndi munthu mmodzi amene dzina lake mpaka lero ndikalitchula lilime limandilemera: Abiliyo, wa ku chipatala chaching'ono cha pamalopo, amene tonse tinkangomutchula kuti enfermeru. Anali Mnyungwe wa ku Tete, wamtali, wosakwatira, wovala malaya oyera ngati ufa woyera. Ankayenda ndi foloko yakeyake m'thumba. Tangoganizani, mwamuna wamkulu kudya kachewere ndi foloko ku Ntengo-wa-Mbalame! M'mawa uliwonse ankabwera kudzadya matabisho, n'kumati, "Dona Rozina, kachewere wanu amachiza kuposa jekeseni yanga." Rozina ankaseka. Kuseka kumeneko sindinkakukonda, chifukwa nthabwala zanga sankaziseka choncho.

Tsiku lonyamuka, Abiliyo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. "Yendani bwino, amigo. Musadandaule, tiwasamala." Anthu ena pa ulendo amanyamula kamba. Ine ndinanyamula mawu amenewo mpaka ku Limbe.

Malire sanali ovuta. Kudera la Ntcheu umangowoloka msewu, basi uli dziko lina, anthu ake akuyankhula ngati iwe, kungoti ukanena kuti shikola iwo amati sukulu n'kukuseka. Kumsasa wa othawa nkhondo sindinafune kukhalako, kumangodikira ufa wa pamzere ngati ndilibe manja. Ndinakwera lole ya kachewere, ndinakhala pamwamba pa matumba mphepo ikundimenya, mpaka ndinatsikira ku Limbe. Kumeneko ndinapeza ntchito pa malo odyera pafupi ndi pokwerera mabasi, kwa mayi wina wonenepa wamawu ngati belu, a Nasibeko. Anandiyang'ana manja, osati nkhope, n'kuti, "Wa kwa Apwitikizi iwe, umatha kutsuka mbale osaswa?" Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinkagona mosungira makala, ndipo anzanga apantchito anandipatsa dzina lakuti Kamarada, limene silinandichoke mpaka ndinachoka.

Ntchito yanga ina inali kuthirira anthu madzi m'manja. Ukamagwira ntchito imeneyo umaona zambiri, chifukwa wanjala sakuona iwe, amaona jagi. Ndinaona bambo wina amene mkazi wake ankamuchotsera minga ya nsomba n'kumuikira mnofu m'mbali mwa mbale, iye osathokoza n'komwe. Ndinaona anyamata a sukulu akugawana mbale imodzi ya mpunga akukangana za mpira. Onsewo ndinkawachitira nsanje. Ndinkachitira nsanje ngakhale kondakitala wamwano uja, chifukwa akamaliza kudya ankati, "Ndikafike kunyumba," ndipo nyumbayo inalipodi. Ine ndinkadya ndekha, nditaima kuseri kwa khitchini, zotsala za mumphika. Sizinali zochepa, a Nasibeko sankamana munthu. Koma chakudya chodya wekha sichitsika bwino.

Mauthenga ankayenda ndi Jusitino, munthu wa kumudzi kwa Rozina amene ankatulutsa kachewere n'kudzagulitsa ku Limbe. Akabwera ankadya pa dzina langa, ndipo podya sankachita manyazi. Pobwerera ndinkamupatsa sopo, nsalu, makwacha ochepa ndi kapaketi ka mchere, pakuti kwathu masitolo anali atatsala mashelefu okha. Rozina sankatha kulemba, choncho yankho linkabwera pakamwa pa Jusitino: ali bwino, mwana wayamba kuyenda, mvula yagwa. Ine ndinkamufinya ngati nzimbe.

"Ananenanso chiyani?"

"Basi, zomwezo."

"Anafunsa za ine?"

"Epa, ukufuna ndipeke?"

"Nanga enfermeru uja akudyabe pa baraka?"

"Adye kuti? Iwe unamusiyira malo ena?"

Kenako anabwera ndi nkhani yolemera. Ntengo-wa-Mbalame anali ataotchedwa, chipatala chija, sukulu, baraka yathu ndi mabenchi ake. Anthu a kwa Rozina anathawira m'mapiri a kumadzulo, cha kumalire ndi Macanga. Onse anali moyo. Ndinakhala pansi pa thumba la makala ndikuthokoza Mulungu. Jusitino anadikira kuti ndimalize kuthokoza, anatafuna nyama imene inali m'kamwa, n'kuwonjezera.

"Enfermeru ali nawo komweko. Ukudziwa kuti a mfuti amasaka anthu a boma. Ndiye anamuotchera malaya oyera aja, anamupatsa khasu, anamuveka jekete yako ija yabulawuni. Yamukhala bwino, aise. Akafika ofunsa, amawauza kuti ndi mkamwini wa pakhomopo."

"Pakhomo pa yani?"

"Khomo limene lilibe mwamuna ndi la yani? Amwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Chipande chinali m'manja mwanga, ndipo a Nasibeko akanapanda kulowa nthawi yomweyo, Jusitino akanabwerera kwawo ndi chipumi china. Anaseka, anapempha msuzi wowonjezera, n'kunyamuka. Anabweranso kamodzi kapena kawiri, kenako njira zinadzaza mabomba okwirira, iye n'kusiya malondawo. Ndinamva kuti anakhazikika ku Dedza. Kuyambira pamenepo sindinamvenso chilichonse cha kwathu.

Kusamva kanthu ndiye manyowa a nsanje. Ndikamatsuka mbale ndinkamuona Abiliyo m'madzi a sopomo, atavala jekete yanga, Rozina atagwada akumuthirira madzi m'manja. Ndinkamuona akulandira nthutumba ya nkhuku imene mwamwambo ndi ya mwini nyumba. Ndinkadziwa bwino kuti anthu obisala m'phiri alibe nkhuku, koma nsanje siisowa nkhuku, imaweta yokha. Wobwera kudzadya atavala malaya oyera, kaya ndi wa ku banki kaya ndi m'busa, ndinkamuthirira madzi ozizira dala. Ndinkafuna anthu anga akhale moyo, ndinkawapempherera Lamulungu lililonse, koma m'pemphero lomwelo munkalowa funso lakuti akugona bwanji m'kachisakasa kamodzi.

Ine ku Limbe ndinadzisunga. Panali Esitere, mtsikana wopereka chakudya, amene ankandisungira chiwindi n'kumandifunsa ngati mosungira makala simuzizira. Sindine mtengo, ndinkamva. Koma ndinkaopa kudula mwana wanga, pakuti akulu amati bambo akayenda njira zina mwana ali wamng'ono, mwanayo ndi amene amalipira. Chifukwa china chinali chouma mtima: ndinkafuna tsiku lobwerera ndidzaime pakhomo ndili woyera, kuti mlandu udzakhale wa mbali imodzi.

Nzeru ya mchere inandibwerera masana ena m'khitchini. Mayi wina amene ankatiphikira ndiwo anaitana kamwana ka woyandikana nafe kuti kadzamuthirire mchere mumphika. Palibe anafunsa, tonse timadziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere. Sathiranso mkazi amene wadziwa mwamuna wina, chifukwa akathira, mwamuna wake n'kudya, amadulika: miyendo imatupa, chifuwa chimauma, munthu amangofota mpaka kupita. Umenewo ndiwo mdulo. Ife ndife Akhristu, tinabatizidwa tonse, koma sindinaonepo Mkhristu wa kwathu amene amaseweretsa nkhani ya mchere. Ndinaima ndi mbale m'manja. Rozina akhoza kundinamiza ndi pakamwa, anthu onse a kwawo akhoza kumuikira kumbuyo, koma kundipha sangandiphe. Sindidzafunsa munthu. Mchere udzandifunsira.

Panapita zaka. Tsitsi loyera loyamba ndinalipeza ku Limbe komweko. Kenako anthu a m'mabasi anayamba kunena kuti akuluakulu akukambirana, mfuti sizinaleke koma zatopa, ndipo ena akulowa ndi kutuluka. Ndinatsanzika. A Nasibeko anandipatsa ndalama zanga zonse n'kuwonjezera poto mmodzi, akukalipa kuti ndikupita kukafa chabe. Ndinagula sopo, chitenje, kadiresi kongoyerekeza msinkhu, ndi theka la thumba la mchere. Mcherewo ndinausenza pamutu kuchokera kumalire, ndikutsata mapazi a munthu wondilondolera, osaponda pambali ngakhale pang'ono. Khosi linkawawa, koma sindinaganizepo zoutsitsa.

Ndinawapeza kuseri kwa phiri, m'chigwa cha nkhungu. Tinyumba tawo tinali tatifupi, tobisika m'mitengo, moti ukanatha kudutsa osadziwa kuti pali anthu. Woyamba kundizindikira anali mlamu wanga Pasikwale, mchimwene wake wa Rozina, amene kale tinkatukwanizana mwachilamu tsiku lonse. Anangoti, "Kunyado," n'kundikumbatira osanena nthabwala. Rozina anatuluka, atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anagwada patali pang'ono, anawomba m'manja n'kuti, "Mwabwera." Ndinayang'ana nkhope yake kufuna chizindikiro, sindinapezepo kanthu.

Abiliyo analipo. Ndikanakumana naye panjira sindikanamudziwa. Mano akutsogolo analibe, msana unali utapindika, ndipo jekete yanga inali itasanduka zigamba zokhazokha. Koma inali jekete yanga. Kumbuyo kwa miyendo yake kunabisala kamtsikana ka maso a mayi ake, katagwira buluku lake mwamphamvu.

"Tereza, awa ndi bambo ako," anatero Abiliyo. "Pita ukawapatse moni."

Mwanayo anapukusa mutu n'kukanirira pomwepo. Mwana wanga, kuuzidwa ndi munthu wina kuti ine ndine bambo wake, iye n'kukana! Ndinamwetulira kuti anthu aone mano basi.

Nditamasula thumba lija, ana anathamangira. Ankanyowetsa chala n'kumanyambita, ena akukwinya nkhope chifukwa sankaudziwa. Anthuwa anali atatha nyengo zambiri akudya ndiwo za chidulo, madzi a phulusa basi. Ndinatenga kapu n'kuyamba kugawa khomo ndi khomo, ndikudzimva ngati shefi, mkulu wa boma. Ndinkafuna Abiliyo aone kuti mwini jekete wabwera ndi chinthu chimene iye sangathe kupereka. Amuna anathokoza. Akazi ankalandira ndi manja awiri, maso ali pansi, ndipo apongozi anga analandirira kumbali nkhope atatembenuza. Ndinkayesa ndi ulemu wa pa mkamwini. Pasikwale anandikokera pambali.

"Kunyado, mukanangobweretsa sopo yekha."

"Bwanji? Mchere wakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Pronto, wabwera kale."

Kuphiriko ankaphika malo amodzi. Mafuwa onse anali pamzere pansi pa thanthwe, ndipo moto ankayatsa madzulo nkhungu ikatsika kuti utsi usaoneke patali, n'kuuzimitsa onse nthawi imodzi. Kudya nakonso kunali kwa chidyerano, khomo lililonse kubweretsa mbale zake, amuna uku akazi uko. Kwa ine zimenezi zinali ngati Mulungu wandikonzera. Ndinasankha chipika chimene chinayang'anizana ndi mafuwa a Rozina n'kukhalapo, ndikunamizira kumvetsera nkhani za amuna. Abiliyo anakhala moyang'anana nane.

Rozina ankaphika nyemba zosakaniza ndi nkhwani. Zitapsa anatenga kapu ya mchere ija. Anaigwira, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaiika pansi.

"Tereza, bwera udzandithirire."

Zaka zonse zija ndinkayembekezera zimenezi, koma zitachitika zinandipweteka ngati sindinaziganizirepo. Mawu ena mumtima ankati mwina ali kumwezi, dikira mawa. Sindinawamvere. Ndinayang'ana Abiliyo, iye maso ali pansi, ndipo ndinati eya, wagwidwa. Mawu amene ndinawakonza ku Limbe, amene ndinkawabwereza ndikutsuka mapoto, anafika pakamwa. Ndinali nditayamba kale kudzuka.

"Tereza, ukatha kumeneko ubwere kuno."

Ameneyo anali Akilina, mkazi wa Pasikwale, pa mafuwa oyandikana. Mwana uja anathira kwa mayi ake, anapita kwa Akilina n'kuthira. Asanamalize, mayi wa pa mafuwa achitatu anamukodola. Kenako wachinayi. Kamtsikanako kankayenda mphika ndi mphika, kakusangalala ndi ntchito yatsopano, kakufunsa kuti, "Chonchi? Ndiwonjezere?" Akazi onse a mudzi sangakhale kumwezi tsiku limodzi. Pamapeto pa mzere panali apongozi anga, mayi wa imvi amene za kumwezi anasiyana nazo ine ndisanakwatire n'komwe. Nawonso anatambasula dzanja n'kumupatsa mdzukulu wawo kapu.

Ndinabwerera pa chipika paja pang'onopang'ono. Ndinayang'ana amuna anzanga. Sanali Abiliyo yekha amene maso anali pansi, anali onse. Pasikwale anayamba kukamba za mvula mokweza mawu, kuti chaka chino ichedwa, nyerere zikuonetsa, ndipo wina anamuvomereza mokweza chimodzimodzi. Chakudya chinabwera, tinasamba m'manja, tinadya. Anthu amene anakhala zaka osalawa mchere anadya ndiwo zamchere popanda mmodzi wonena kuti zakoma.

M'mawa mwake ndinamutsatira Rozina kudimba kumene ankakumba kachewere. Sanadikire kuti ndiyambe.

"Munabwera ndi mchere kuti mundione. Mwandiona."

"Rozina..."

"Mwaonanso alamu anu. Mwaonanso amayi. Mwakhuta?"

Iye anapitiriza kukumba, akuyankhula ndi nthaka.

"Anabwera nthawi yokolola, chaka chachiwiri tili kuno. Amuna ena anathawa, ena anamangidwa pamitengo. Ife anatisenzetsa chimanga chathu chomwe, ulendo wa kutali. Anatisunga kumeneko mpaka mwezi unafa, wina n'kuoneka. Tinabwerako amene tinabwerako."

"Anali ndani?" Funso lopusa, koma ndi limene linatuluka.

"Mukufuna dzina? Analibe mayina. Anali ndi mfuti."

"Nanga Abiliyo?"

Apo ndiye anaimika khasu n'kundiyang'ana, ndipo ndinalakalaka akanapitiriza kuyang'ana pansi.

"Abiliyo amagona kwa achimwene kuyambira tsiku loyamba. Mano aja anawasiya pamtengo umene anamumangapo. Titabwerako anawiritsa madzi, anatichotsa minga m'mapazi, anatitsuka mabala tonse, mmodzimmodzi, mpaka amayi. Sanafunse kanthu. Amuna athu sanafunse kanthu. Kunalibe mchere, ndiye panalibe chofunsa. Tinkangophika, n'kumadya, n'kumakhala."

"Akulu sakanakonza mankhwala?"

"Kuti akonze mankhwala pafunika munthu anene chimene chinachitika. Anene ndani? Pamaso pa yani? Mwana wake ali pomwepo?"

Anatola kachewere n'kuponya m'dengu. Walira mvula walira matope. Msampha umene ndinatchera munthu mmodzi unagwira mudzi wonse, ndipo anthuwo anaulandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Wina angaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Siinathe, inangosintha malo okhala. Ndinasiya kumuchitira nsanje Abiliyo ngati mwamuna, n'kuyamba kumuchitira nsanje ngati mwini mudzi. Iye, Mnyungwe wa foloko, anali wa pamenepo kuposa ine. Anthu aja anali ndi chinthu chawo chimene anachisenza limodzi, ankamvana ndi diso lokha, ndipo ine ndinali mlendo wonenepa masaya wochokera kumene mchere umatayikira patebulo. Mpaka lero zili choncho. Tili ndi baraka ina pa msika wa Tsangano, ya malata, ndipo Abiliyo, amene anapuma ntchito, amabwera kudzamwa tiyi akatenga penshoni yake. Iye ndi Rozina amayamba kukumbutsana za kuphiri, za tsiku limene Pasikwale anathamangitsidwa ndi njuchi akuyesa ndi asilikali, n'kumaseka mpaka misozi. Ine ndimaima pa mgolo ndi chipande ngati waganyu. Tereza, amene tsopano ali ndi ana akeake, akadwala amayamba wafunsa Abiliyo. Zimandiwawa, ndipo sindibisa. Tiyi ndimamupatsa waulere, koma shuga ndimamuyezera ndekha.

Masiku otsatira kuphiri kuja anali olemera. Madzulo aliwonse Tereza ankayenda ulendo wake wa mphika ndi mphika, ndipo madzulo aliwonse amuna ankakamba za mvula. Kubweza mchere sikukanatheka, kuutaya sikukanatheka. Rozina ankandipatsa madzi osamba, ankandiyalira mphasa, koma ankayenda mondizungulira ngati ndine moto. Ndinaona kuti akudikira tsiku limene ndidzanene kuti ndikupita kwathu ku Chidzolomondo, monga amachitira mkamwini akafuna kuthetsa banja mwaulemu. Kunena zoona, maganizo amenewo anandifikira. Ndinkagona nawo, ndinkadzuka nawo. Chimene chinkandikwiyitsa kwambiri n'chakuti panalibe munthu woti ndimumenye.

Madzulo ena nkhungu itatsika, ndinadzuka pa chipika paja n'kupita ku mafuwa, kumene mwamuna sapita. Akazi onse anacheuka. Rozina anali atatsegula kale pakamwa kuti aitane mwana. Ndinatola kapu ija, ndinagwira dzanja lake, n'kumukhuthulira mchere m'chikhatho.

"Thirani."

"Bambo a Tereza, musachite masewera."

"Thirani, amake Tereza. Ndiwo za m'nyumba mwanga azithira ndinu."

"Mukatupa miyendo?"

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Ndinakula ndikuona anthu akuloza maliro n'kumanong'ona kuti uyu anadulidwa. Koma ndinaloza ndi mutu kumene kunakhala amuna.

"Enfermeru uyo ali apoyo. Wadya zanga zaka zonsezi, agwireko ntchito."

Akilina anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa msanga. Rozina sanaseke. Dzanja lake linali pamwamba pa mphika, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndibweze mawu. Kenako anatambasula zala.

Mbale itafika kwa amuna, palibe anaigwira. Ndinasamba m'manja, ndinatema mbamu, ndinasunsa, n'kuika m'kamwa anthu onse akundiyang'ana. Mchere unali wochuluka zedi, woluma lilime, woti ku Limbe a Nasibeko akanachotsa munthu ntchito. Wokhuthula ndinali ine, dzanja langa silinkadziwa muyeso. Ndinatemanso mbamu yachiwiri. Pa yachitatu, dzanja la Pasikwale linalowa m'mbale momwemo, ndipo tinadya awiri mpaka kupukuta msuzi, misozi ikutsika, aliyense akunamizira mcherewo.